Kodi munthu amabadwa ndi chikhulupiriro, kapena tinangochipeza pakhomo?



Tiyambe ndi kumuthokoza Allah amene watisunga mpaka lero, ndipo mtendere ndi madalitso zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Ine kwathu ndi ku Nkhotakota. Ndinakula ngati ambiri a inu: m'mawa kusukulu, masana ku madrasa, kaJuzu Amma m'manja, ustadh ali ndi kandodo kawo pambali. Panopa ndili chaka chachitatu ku Mzuni, ndimachita lendi ku Luwinga ndi mnzanga wa ku Rumphi. Iyeyu anakulira m'banja lopemphera kwambiri, koma akuti zachipembedzo anazisiya ali Fomu 4. Timagwirizana bwinobwino, ndiwo timagawana, magetsi timasonkherana.

Amene mukukhala kuno mukukudziwa kuzizira kwa mwezi wa June. Madzi a wudhu wa Fajr amakhala ngati agona mu filiji. Tsiku lina ndikubwera kuchokera pa mpopi, mano akugundana, mnzanga uja anasuzumira m'bulangete n'kunena kuti: "Aise, ukudzizunziranji? Iwe ukuswali chifukwa unabadwira ku Nkhotakota basi. Ukanabadwira ku Livingstonia bwenzi uli wapampando wa kwaya. Mwana sabadwa ndi Mulungu m'mutu, akuluakulu ndi amene amamuikamo."

Ndinamuseka, n'kuyala mkeka wanga. Koma kunena zoona, swala ya tsiku limenelo ndinaiswali ndi thupi lokha. Mtima unali pa funso lija. Ndipo ndikudziwa kuti si ine ndekha amene funsoli linandipezapo, kungoti ambiri timaopa kulitchula pagulu. Choncho lero tiyeni tilitchule.

Choyamba tivomereze kuti mnzangayo sananame pa zonse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu m'Malawi muno ndife 13.8 peresenti, ndipo tonse tikudziwa kumene tachulukira: Mangochi, Machinga, Balaka, Salima, Nkhotakota. Mbiri ikufotokoza chifukwa chake. Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo mafumu a Chiyao monga Makanjira analowa Chisilamu cha m'ma 1870. Kumpoto kuno amishoni a ku Scotland anafika ku Bandawe mu 1881, n'kukwera ku Khondowe mu 1894. Ukaona kumene kuli mizikiti yambiri ndi kumene kuli matchalitchi ambiri, ukuona mapazi a anthu amene anadutsa kalekale. Zimenezi sitingazikane.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti funso la mnzangali si lachilendo m'Chisilamu. Imam al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, analifunsa yekha. M'buku lake lotchedwa Al-Munqidh min al-Dalal akufotokoza kuti ali mnyamata anaona kuti ana a Akhristu amakula ali Akhristu, ana a Ayuda amakula ali Ayuda, ana a Asilamu amakula ali Asilamu. Zimenezi zinamupatsa njala yofuna kudziwa kuti chimene munthu amabadwa nacho n'chiti, ndipo chimene amangotengera kwa makolo ndi aphunzitsi n'chiti. Iye mwini akuti anakhala pafupifupi miyezi iwiri ali m'chikaiko choopsa mpaka Allah anamuchiritsa. Uyutu ndi munthu amene anadzakhala mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya Nizamiyya ku Baghdad. Ngati iye anadutsamo, iwe ndi ine tisadzione ngati tatembereredwa tikapezana ndi funsoli.

Ndipotu Mtumiki (SAW) anayamba kale kuikamba nkhaniyi. Mu hadith imene anailandira Abu Huraira, yopezeka mwa Bukhari ndi Muslim, Mtumiki anaphunzitsa kuti palibe mwana amene amabadwa wopanda fitra, koma makolo ndi amene amadzamulowetsa m'chipembedzo chawo. Anayerekeza ndi chiweto chimene chimabadwa chathunthu, makutu ali bwinobwino, eni ake ndi amene amadzachidula zizindikiro. Taonani, hadith imodzi yomweyo ikunena zinthu ziwiri. Ikuvomereza zimene mnzanga ananena, kuti makolo ali ndi mphamvu yaikulu pa chipembedzo cha mwana. Koma ikuwonjezera chimene iye sanachione: makolowo sapeza mtima wa mwana uli mbee ngati pepala losalembapo. Amapeza muli kale kanthu.

Kanthu kameneko ndi kamene timati fitra. M'Chichewa tingati chibadwa, kapangidwe kamene Allah anamuumba nako munthu. Surah Ar-Rum ndime 30 ikutchula mawu amenewa, kutiuza kuti anthu onse analengedwa pa chibadwa chimenechi. Surah Al-A'raf ndime 172 ikufotokoza za lonjezo limene ana onse a Adam anapanga, kuvomereza kuti Allah ndiye Mbuye wawo. Fitra sikutanthauza kuti khanda limabadwa likudziwa kuti Maghrib ndi raka zitatu, ayi. Izo timachita kuphunzira. Fitra ndi kupendekera kwa mtima, kuja kofuna kudziwa amene anakupanga, kuja komva kuti chilungamo n'chabwino ndipo chinyengo n'choipa ngakhale palibe akukuona. Ine ndimaiyerekeza ndi ludzu. Palibe mayi amene anaphunzitsa mwana wake kumva ludzu. Chimene mayi amachita ndi kumupatsa kapu, ndipo makapu amasiyana nyumba ndi nyumba.

Umboni wake tisaufunire kutali, tiyang'ane kwathu konkuno. Jumbe asanafike, amishoni asanafike, kodi makolo athu ankati dziko linangodzipanga lokha? Atumbuka ndi Atonga ankati Chiuta. Angonde ku Karonga ankati Kyala. Achewa anali ndi maina ambirimbiri: Chauta, Namalenga, Mphambe, Leza, Chisumphi. Mpaka lero mvula ikakata timaloza kumwamba n'kunena kuti utawaleza, uta wa Leza, osadziwa n'komwe kuti tikutchula dzina limene makolo ankamutchulira Mlengi. Achewa anali ndi nkhani yawo ya chilengedwe ya pa Kaphirintiwa, ndipo chilala chikavuta ankapita ku Msinja kwa Makewana kukapempha mvula. Kumwera ku Nsanje kuli kachisi wa Mbona ku Khulubvi. Anthu amenewa analibe Qur'an, analibe Baibulo, ambiri sankadziwa kuti kuli Makka kapena Yerusalemu. Nanga anawauza ndani kuti pali Wina wake pamwamba pa zonse? Ndinamufunsa mnzanga uja kuti: "Dzina loti Chiuta anabwera nalo ndi Robert Laws?" Anaseka n'kunena kuti ayi, analipeza. Eya, analipeza. Obweretsa zipembedzo anabweretsa makapu, koma ludzu analipeza lilipo kale.

Ena anayesapo kulithetsa ludzulo ndi lamulo. Mu 1967 boma la Enver Hoxha ku Albania linatseka mizikiti ndi matchalitchi onse, n'kulengeza kuti dzikolo lilibenso chipembedzo. Ana anabadwa n'kukula osamvapo azana kapena belu. Patatha zaka 23, chakumapeto kwa 1990, chiletso chitangofooka, anthu anakhamukira kukatsegula nyumba zopemphereramo. Sindikunena kuti onse anabwerera, ambiri kumeneko mpaka lero sapemphera. Koma mbewu imene boma linkaganiza kuti yafa inali ili m'nthaka.

Akatswiri a maganizo a munthu nawonso anaifufuza nkhaniyi. Deborah Kelemen wa ku Boston University anapeza kuti ana aang'ono amakonda kufotokoza zinthu zachilengedwe potchula cholinga chake. Ukawafunsa chifukwa chimene miyala ina ili yosongoka, ambiri amasankha yankho loti n'cholinga choti nyama zizidzikandira, kusiyana ndi yankho la mmene mwalawo unapangikira. Mu 2011 kafukufuku wamkulu wa ku yunivesite ya Oxford, wotsogoleredwa ndi Justin Barrett ndi Roger Trigg, anatha ndi mfundo yoti maganizo a munthu mwachibadwa amapendekera ku kukhulupirira milungu ndi moyo wa pambuyo pa imfa. Koma apa tisathamange, abale. Ofufuzawo ananena okha kuti ntchito yawo sinali yotsimikiza kuti Mulungu alipo kapena kulibe. Munthu ngati Richard Dawkins amaona zomwezo n'kunena kuti ndi kachizolowezi chabe ka ubongo. Ife timaona zomwezo n'kunena kuti ndi chidindo cha Mlengi pa cholengedwa chake. Sayansi yatiuza kuti ludzu lilipo. Za kumene kuli madzi, yatisiyira tokha. Tisamanamize anthu pa ma status kuti asayansi atsimikiza Chisilamu, chifukwa tsiku limene mnzako adzawerenge yekha n'kupeza kuti unakokomeza, sadzakukhulupiriranso ngakhale pa zoona.

Ine monga mwana wa kunyanja ndinamuponyera mnzanga mfundo imene ndinkaidalira kwambiri. Aliyense amene anakwerapo boti nthawi ya mwera akudziwa zimene zimachitika mafunde akayamba kulowa m'kati. Nthabwala zimatha, woledzera mowa umamuchoka, aliyense amaitana Mulungu m'chilankhulo cha kwawo. Qur'an inajambula chithunzi chomwechi mu Surah Yunus ndime 22 ndi 23, komanso mu Al-Ankabut ndime 65: anthu a m'chombo amene amapempha Allah yekha namondwe akawazinga, koma akangoponda pamtunda amaiwala. Ndinkaganiza kuti ndamumaliza. Iye anangoti: "Amenewo ndi mantha, aise. Ndiponso ngati chilichonse chimene munthu amachikhulupirira mwachibadwa chili choona, ndiye kuti ufiti nawonso ndi woona. Si mtima womwewo umene umati mphenzi yachita kutumizidwa ndi agogo?"

Apa ndinakhala chete, chifukwa anagunda penipeni. Mu January 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe, atawaganizira kuti ndi amene anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kumwera. Amene anachita zimenezi sanali anthu osakhulupirira kanthu. Anali anthu okhulupirira kwambiri, koma chikhulupiriro chawo chinalibe nyali. Mtima uja umene umafunsa kuti "ndani wachita izi?" ndi womwewo umene ungakufikitse kwa Mlengi, ndi womwewonso umene ungakufikitse pakhomo pa nkhalamba yosalakwa uli ndi chikwanje m'manja.

Ndinaiganizira nkhaniyi masiku angapo, ndipo yankho ndinalipeza m'mbiri ya Mtumiki (SAW). Tsiku limene mwana wake Ibrahim anamwalira ku Madina kunachitika kadamsana. Anthu anayamba kunena kuti dzuwa lada chifukwa cha imfa ya mwana wa Mtumiki. Taganizani, munthu wofuna kutchuka akanangokhala chete, mphekeserayo ikanamukweza. Koma iye, ali ndi chisoni cha maliro a mwana wake, anaimirira n'kuwakonza. Anawauza kuti dzuwa ndi mwezi ndi zizindikiro za Allah, sizida chifukwa cha kufa kapena kubadwa kwa munthu aliyense, ndipo akaona zotere aziswali ndi kupempha Allah. Sanazimitse mantha ndi kudabwa zimene zinali m'mitima mwawo. Anazichotsa pa bodza n'kuzilozetsa kwa Mwini wake. Chiphunzitso chimenechi chikanafika pa mudzi uja ku Neno n'kumveka, agogo anayi aja bwenzi atafa imfa ya Mulungu.

Ndiye yankho langa kwa mnzanga ndi ili: inde, munthu amabadwa ndi ludzu la Mulungu, koma waludzu amatha kumwa madzi a m'chithaphwi. Ludzu silisankha lokha madzi abwino. N'chifukwa chake Allah sanatisiye ndi fitra yokha. Anatipatsa nzeru zoti tiziyeza nazo zinthu, n'kutitumizira atumiki ndi mabuku kuti atilozere kasupe. Ma Quraish a ku Makka nawonso ankadziwa kuti analenga kumwamba ndi pansi ndi Allah, Surah Luqman ndime 25 ikutero, koma anadzaza Kaaba ndi mafano ponena kuti akuwayandikitsa kwa Iye. Fitra inalipo, koma inakwiririka. Ntchito ya atumiki inali kufukula ndi kutsuka chimene chinalipo kale. Mwina n'chifukwa chake Qur'an imadzitcha chikumbutso. Munthu sumukumbutsa chinthu chimene sanachidziwepo.

Tsono funso libwerere kwa ife amene tinabadwira m'mabanja a Chisilamu. Kubadwira ku Nkhotakota kapena ku Mangochi ndi mtendere waukulu, Alhamdulillah, koma si chiphaso. Qur'an m'malo ambiri imadzudzula anthu amene yankho lawo lokha linali loti tinapeza makolo athu akuchita zimenezi. Ngati ine ndikuswali chifukwa chongoti bambo anga ankaswali, ndiye kuti mnzanga uja akunena zoona za ine. Mneneri Ibrahim (AS) anabadwira m'nyumba ya mafano. Surah Al-An'am kuyambira ndime 74 mpaka 79 ikutionetsa iye akuyang'ana nyenyezi, kenako mwezi, kenako dzuwa, n'kuona kuti chilichonse chikulowa, mpaka anatembenukira kwa Amene anazilenga zonsezo. Ndipo ngakhale atakhala bwenzi la Allah, mu Al-Baqarah ndime 260 anapempha kuti aonetsedwe mmene akufa amaukitsidwira, kuti mtima wake ukhazikike. Allah sanamukalipire. Anamuonetsa.

Pali hadith ina mwa Muslim imene ndikanakonda ndikanaimva ndili Fomu 2. Maswahaba ena anapita kwa Mtumiki (SAW) kukadandaula kuti m'mitima mwawo mumabwera maganizo oopsa oti sangathe n'kuwatchula komwe. Iye atamva kuti maganizowo akuwawawa, anawauza kuti kuwawidwa kumeneko ndiye imaan yeniyeni. Mlongo wanga, mchimwene wanga, ngati funso likukusowetsa tulo, chimenecho ndi chizindikiro choti m'kati mwako muli chamoyo. Wakufa samva kuwawa.

Nanga fitra imakwiririka ndi chiyani kwa ife a pa kampasi? Kawirikawiri si mabuku a filosofi ayi. Ndi phokoso. Timadzuka ndi foni, timagona ndi foni, bando ikatha timamva ngati tadwala. Mphindi khumi zokhala chete sitizipeza. Ndi machimo ang'onoang'ono amene tawazolowera, kubera mayeso, kunama kunyumba za ndalama ya fizi, chibwenzi chobisa. Poyamba mtima umagunda, kachiwiri umagunda pang'ono, kachitatu zii. Surah Al-Mutaffifin ndime 14 imakamba za dzimbiri limene limaphimba mitima chifukwa cha zimene anthu amachita. Nthawi zina munthu amati "ndasiya kukhulupirira" pamene chimene chachitika n'chakuti kukhulupirira kwayamba kumusokoneza pa zimene akufuna kuchita. Sindikunena kuti aliyense wokaika ali choncho, ena amafunsa ndi mtima woona. Koma aliyense adzifunse yekha, ine ndemwe poyamba.

Ndiye tichite chiyani? Ndili ndi zinthu zinayi zimene ndikuyesera, mwina zingakuthandizeni.

1. Funsani. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pitani kwa shehe kapena ustadh amene amamvetsera, osati kwa wina aliyense wa pa TikTok. Ndipo inu ma ustadh athu, chonde, mwana akafunsa kuti "tikudziwa bwanji kuti Allah alipo?" musathamangire ndodo kapena kumutcha kafiri. Mukamutsekera pakamwa ku madrasa, adzakafunsa kwina, ndipo kumeneko adzamuyankha.

2. Werengani Qur'an ndi tanthauzo lake. Ambiri tinamaliza Juzu Amma pamtima koma sitingafotokoze Surah imodzi m'Chichewa. Qur'an yotanthauziridwa m'Chichewa ilipo. Ndime zisanu patsiku, ukuzimva, zimasintha munthu.

3. Patsani mtima mpata. Tsiku lina mukaswali Fajr musabwerere m'bulangete. Tulukani panja, foni isiyeni m'nyumba, muone chifunga chikuchoka pa mapiri a Viphya. Loweruka lina tsikirani ku Nkhata Bay mukangokhala m'mbali mwa nyanja. Kulingalira za chilengedwe ndi ibada imene sifuna ndalama.

4. Anzathu okaika ndi osakhulupirira tiziwalemekeza. Pa kalembera yemwe uja, pafupifupi anthu 2 pa 100 aliwonse anati alibe chipembedzo, ndipo ena a iwo tili nawo m'kalasi. Ngati timakhulupiriradi kuti munthu aliyense anabadwa ndi fitra, ndiye kuti palibe amene tingamutaye. Ntchito yathu si kupambana mtsutso. Kuongola ndi kwa Allah. Ife chathu ndi kunena zoona mwaulemu ndi kukhala anthu oti mnzako akakuona asanyansidwe ndi dini yako.

Mwina mukufuna kudziwa kuti zinatha bwanji ndi mnzanga uja. Sizinathe. Sanasinthe maganizo, ndipo sabata yatha wabwera ndi funso lina, loti ngati Mulungu ndi wachifundo n'chifukwa chiyani namondwe wa Freddy anakokolola ana ku Chilobwe mu 2023. Limenelo ndikulisinkhasinkhabe, ndipo Insha Allah tidzalikamba tsiku lina. Chimene chasintha ndi ine. Poyamba ndinkaswali chifukwa ndinapeza anthu akuswali. Panopa ndikamaima pa mkeka ndimadziwa kuti ndafunsa, ndayeza, ndipo ndasankha. Kapu anandipatsa ndi makolo anga, Allah awalipire zabwino, koma ludzu ndi langa, ndipo madziwo ndawalawa ndekha. Funso limene ndinkaliopa lija ndi limene landithandiza. Komanso ndinene, masiku ano ndikamaswali mnzangayo amatsitsa yekha wailesi osamuuza.

Tikumupempha Allah atsuke mitima yathu ku dzimbiri, atibwezere ku chibadwa chimene anatilenga nacho, atipatse imaan yodziwa osati yongotengera. Awachitire chifundo makolo athu ndi ma ustadh amene anatiphunzitsa Alif Baa, awatsegulire njira anzathu onse amene akufunafuna choonadi, ndipo atiteteze kuti tisamuchitire munthu aliyense chinyengo m'dzina la chikhulupiriro. Ameen.

Chimene ndalondola chachokera kwa Allah, pamene ndalakwitsa ndi kufooka kwanga, ndipo odziwa andikonze.